Lembani Kuti Tinadya

Fomu yomwe ndinkayenda nayo chaka chimenecho inali pepala limodzi lokha, lojambulidwa mabokosi anayi pa mzere uliwonse. Mzere umodzi unali mlimi mmodzi, bokosi limodzi kandime kamodzi ka m'munda mwake. Ntchito yanga inali yodziwikiratu: kulawirira kumunda, kukolola mizere ya pakati pa kandime kalikonse, kutonola, kumangirira sikelo kunthambi ya mango, kupachika thumba, n'kulemba makilogalamu. Ndikatero ndinkapalasa njinga ulendo wa kwa mlimi wina. Munali mu Meyi 2002, ndili mnyamata wongotsiriza kumene maphunziro a zaulimi, wolembedwa ntchito ya miyezi yowerengeka ndi bungwe lina lomwe linkayesa mbewu ndi feteleza m'minda ya alimi m'chigawo chapakati. Mantha anga anali pa zinthu ziwiri basi: kuphulika kwa tayala pakati pa tchire, ndi kubwerera ku ofesi ndi bokosi lopanda nambala.

Tsiku lina ndinafika kwa mayi wina wamasiye amene ankalera adzukulu atatu. Tindime tathu tinayi tinali pomwe tinatisiya, zikhomo zili chiimire m'makona. Koyamba kanali ka chimanga cha makolo chosathira feteleza: mapesi owonda, tizitsononkho tofanana ndi chala. Kachiwiri, ka chimanga chomwecho koma chothira, kanali kabwinoko. Kachitatu, ka hayibulidi yosathira, kanali kakafupi msinkhu koma kanabereka ndithu. Kachinayi ndiko tonse tinkakayembekezera, ka hayibulidi yomwe tinaithira chitowe ndi yureya. Mapesi ake anali onenepa, otalika kundipitirira. Koma phesi lililonse linali ndi makoko ali lende, m'kati mulibe kanthu. Chiswe sichisenda makoko mwaulemu chotero, mbuzi nayo ayi. Linali dzanja la munthu.

"Amayi, kodi kuno kwagwanji? Akuba?"

Anakhala pansi pa mzere, naongola miyendo, maso ali kumapesi.

"Akuba ayi, mwana wanga. Tinadya."

"Chonsechi?"

"Ndicho chinayamba kucha. Febuluwale uja m'nyumba munalibe ngakhale gaga. Tinayamba ndi mondokwa, kenako chitibu. Ana mukuwaonawa ali moyo chifukwa cha ndime yanuyi."

Ndinayang'ana fomu, ndinayang'ana mapesi. Pakamwa panga panatuluka funso lopusa lomwe mpaka lero limandichititsa manyazi.

"Nanga apa ndilembapo chiyani?"

"Lembani kuti tinadya."

Koma kabokosiko kanali kongokwana manambala atatu. Malo olembapo mawu panalibe.

Amene analipo chaka chimenecho akudziwa kuti mayiwo sankakokomeza. Zokolola za 2001 zidachepa, chimanga chidasowa m'misika, mtengo wake udakwera kangapo, ndipo kumapeto kwa Febuluwale 2002 boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu ankadya gaga ndi mizu ya kutchire. Chimanga chinkathyoledwa chisanakhwime, ena chifukwa cha m'mimba, ena pothawa akuba. Ine zonsezi ndinkazidziwa, ndinaziona ndi maso panjira. Komabe pansi pa mango paja mtima wanga unali pa kabokosi.

Kuti mumvetse kulemera kwa kabokosi kachinayi, ndibwerere kaye m'mbuyo, mvula isanagwe. Mkulu wathu pa ntchitoyi anali bambo wa imvi, wolankhula mosathamanga, amene anakalambira m'minda ya kafukufuku. Tsiku lotiphunzitsa anatifunsa kuti: "Anyamata inu, bwanji osayesa mbewu payokha chaka chino, feteleza payekha chaka chamawa? Tikuvutikiranji ndi tindime tinayi?" Tonse tinangoti duu. Iwo anatola choko n'kujambula bwalo la zipinda zinayi pa bolodi.

"Tiyerekeze," anatero, "ndi manambala osavuta, matumba pa ekala. Cha makolo chosathira chapatsa 8, chothira 12. Hayibulidi yosathira yapatsa 10, yothira 20. Feteleza wawonjezera matumba angati?"

Wina anati anayi, wina anati khumi. Onse awiri ankanena zoona, ndipo mfundo yake inagona pomwepo. Pa chimanga cha makolo feteleza wawonjezera 4, pa hayibulidi wawonjezera 10. Funso loti feteleza amawonjezera zingati lilibe yankho limodzi. Limakubweza ndi funso lina: pa mbewu iti? Kusiyana kwa 10 ndi 4, komwe ndi 6, ndiko phindu lomwe silili mu mbewu yokha, silili mu feteleza yekha, koma limabadwa ziwirizi zikakumana. Akatswiri a masamu a kafukufuku amalitcha interaction. Mdala uja anafotokoza ndi mwambi wakalekale woti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chala ichi pachokha chimaswa nsabwe zero, chinzake pachokha zero. Ukaphatikiza pa pepala upeza zero. Koma zala ziwirizo zikakumana, nsabwe imaphulika.

Kenako analemba manambala anayi aja pamzere umodzi ndi zizindikiro zake: 20, kuchotsa 10, kuchotsa 12, kuphatikiza 8. Yankho 6. Kasanjidwe ka zizindikiro kotere, komwe zophatikiza ndi zochotsa zimalingana kulemera, ndiko amati contrast, ndipo aka makamaka ndi interaction contrast, kusiyana kwa kusiyana kuwiri. "Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu," anatero, "koma uwu umafuna anayi. Likasowa limodzi, phala latayika."

Nzeru yosanja munda chotere idachokera ku Rothamsted, malo a kafukufuku wa zaulimi kumpoto kwa London, komwe munda wina wakhala ukubzalidwa tirigu woyesera feteleza kuyambira 1843. Ronald Fisher adafika kumeneko mu 1919 kudzasanthula mulu wa manambala a zaka zambirimbiri. Mu 1926 adatsutsa chizolowezi choyesa chinthu chimodzi pa nthawi, n'kuonetsa kuti munda wosanjidwa bwino ungayankhe mafunso angapo pakamodzi, kuphatikizapo funso lomwe kuyesa chimodzichimodzi sikungaliyankhe mpaka kalekale: kodi zinthu ziwirizi zimathandizana kapena zimapondana? Kwa mlimi wa kuno funsoli si la m'kalasi. Ali ndi ndalama zochepa. Agule mbewu, agule feteleza, kapena achepetse munda kuti akwanitse zonse ziwiri? Yankho lili m'kabokosi kachinayi.

Ndiye pansi pa mango paja ndinachita chomwe ndinkaganiza kuti n'chanzeru. Ndinaphatikiza makilogalamu a tindime titatu tomwe ndinayeza, ndinagawa patatu, ndipo nambala yotulukayo ndinailemba ndi pensulo m'kabokosi kachinayi. Mumtima sindinkadziona ngati wabodza. Ndinkaona ngati ndikumata ming'alu ya khoma kuti alendo asaone. Ndinatsanzika, ndinakwera njinga.

Patadutsa sabata, mdala uja anandiitana. Mafomu anali atawayala pa tebulo, magalasi ali pamphuno.

"Achimwene, khalani apa. Chimanga ichi munachiyeza ndi sikelo iti?"

Anaona msanga kuti nambalayo inali pakatikati ndendende pa zinzake zitatu, mwaukhondo womwe munda sudziwa. Ndinaulula zonse. Sanakalipe. Anangotembenuza pepala n'kujambulanso zipinda zinayi zija, chachinayi chili chopanda kanthu.

"Mnzanu wina, atapeza zofanana ndi zanuzi, walemba zero, poti pa sikelo panalibe chopachika. Tiyeni tione." Zero kuchotsa 10, kuchotsa 12, kuphatikiza 8: yankho linagwa pansi pa zero ndi 14. Pepala likunena kuti feteleza amapha hayibulidi. "Tsopano njira yanu." Pakati pa 8, 12 ndi 10 pali 10. Hayibulidi yosathira 10, yothira 10: pepala likunena kuti pa hayibulidi feteleza ndi ndalama yotaya, ndipo contrast yagwa pansi pa zero ndi 4. Phindu la matumba 6 ndinali nditalisandutsa chitayiko, ndi pensulo yokha, pofuna kuti fomu ioneke bwino.

"Pali njira yachitatu," anapitiriza, "ndipo ndiyo ndimaiopa kwambiri, chifukwa imavala jekete." Munthu wophunzira amati: feteleza wawonjezera 4 pa cha makolo, ndiye pa hayibulidi tiwonjezerenso 4, tilembe 14. Nambala yooneka yaulemu, yosachititsa manyazi. Koma 14 kuchotsa 10, kuchotsa 12, kuphatikiza 8 ndi zero. Lipoti lidzati mbewu ndi feteleza sizithandizana. Zidzaoneka ngati munda ndiwo wanena, chonsecho wanena ndi iwe. Podzaza bokosi unaganiza kuti feteleza amagwira mofanana pa mbewu zonse, pomwe limenelo ndilo funso lomwe munda udabzalidwira. Uli ngati munthu woika ndalama m'thumba la malaya ake usiku, m'mawa n'kuvina kuti watola.

Bokosi limodzi, njira zitatu, nkhani zitatu zosiyana, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe inachokera m'nthaka.

Ndinafunsa ngati palibe njira yovomerezeka. Ilipo, anatero, ndipo anandionetsa m'buku lake lakutha chikuto. Nakonso ku Rothamsted tindime tinkawonongeka, ndipo mu 1933 Frank Yates, amene adatenga malo a Fisher chaka chomwecho, adafalitsa njira yowerengera munda womwe tindime tina tasowa. Kusiyana kwake ndi zanga n'kwakuti sayang'ana munda umodzi wokha. Amaona momwe mbewu ndi feteleza yemweyo zachitira m'minda inayo, amaonanso ngati nthaka ya munda uno ili yachonde kapena yoguga poyerekeza ndi inzake, n'kupeza nambala yomwe ikugwirizana ndi zonsezo. Ikapezeka, mwini kafukufuku amayenera kulipira msonkho: amachotsa chimodzi pa chiwerengero cha maumboni oima paokha, chomwe amati degrees of freedom, povomereza kuti nambalayo si mboni yatsopano koma chithunzi cha mboni zina. Ndi njira yachilungamo. Koma imatsamira pa chikhulupiriro chimodzi: kuti kandimeko kanasowa mwangozi, pa chifukwa chosakhudzana ndi momwe kakadaberekera.

Apa m'pomwe mawu a mayi aja anayamba kundilemera. Kandime kawo sikanasowe mwangozi. Kanasowa chifukwa kanali kabwino, kanacha msanga, ndipo m'nyumba munali njala.

Patapita zaka ndinadzawerenga za Donald Rubin, katswiri wa ku America amene mu 1976 adalemba mu magazini ya Biometrika mfundo yomwe idasintha kaganizidwe pa nkhaniyi: usanafunse kuti bokosi ulidzaza bwanji, funsa kuti lasowa bwanji. Kuchokera mu ntchito yake ndi ya mnzake Roderick Little, kusowa kwa manambala kumagawidwa patatu, ndipo mitundu yonse itatu ndinali nditakumana nayo pa njinga yanga osaidziwa maina.

Mtundu woyamba ndi ngozi yeniyeni. Thumba labooka panjira, fomu yagwera m'madzi, sikelo yathyoka tsiku lina. Tsoka lotere silisankha munda wabwino kapena woipa. Zotsala zachepa, koma sizinapendekeke. Uli ngati wapungula ufa m'lichero, wotsalawo ndi ufa womwewo. Mtundu wachiwiri ndi kusowa komwe chifukwa chake chili m'zinthu zomwe unalemba kale. Mlatho wakokoloka, minda ina ya kutsidya sinafikike. Minda ya kutsidya ingasiyane ndi ya tsidya lino, komabe ukudziwa kuti yasowayo ndi ya kutsidya, ndipo uli nayo ina ya komweko yomwe unaifika. Ukasamala, yotsalayo ingayankhulire inzake. Mtundu wachitatu ndiwo chilombo: nambala yasowa chifukwa cha kukula kapena kuchepa kwake komwe. Wolemera akukana kunena zomwe amapeza chifukwa n'zambiri. Mwana sanabwere ku sikelo chifukwa wadwalika. Kandime kadyedwa chifukwa ndiko kanabereka. Pamenepa zotsala zimanama, ndipo zimanama ndi nkhope yowala.

Chomwe chimandisowetsa tulo pa magawo atatuwa n'chakuti manambala omwe uli nawo sangakuuze ngati uli mu mtundu wachiwiri kapena wachitatu. Mboni zomwe zabwera kubwalo sizingalumbire chifukwa chomwe inzawo yatsalira kunyumba. Ungasanthule tebulo usiku wonse, ungaitane kompyuta yamphamvu chotani, yankho silili m'menemo. Lili kumudzi, kwa munthu amene anaona. Pofuna kulipeza pamafunika njinga ndi ulemu.

Mdala uja anandiuza kuti ndithandize kusanja mafomu onse, tione pomwe mabowo agwera. Sanagwe mwachisawawa. Ambiri anali mu mzere wotsika wachinayi, ena mu wachitatu, ndipo nditayang'ana maina a midzi ndi mabanja, ndinazindikira makomo ake: a amasiye, a nkhalamba, a anthu omwe nkhokwe zawo zinagona chammbali kuyambira Novembala. Njira yosavuta ikadakhala kuchotsa mlimi aliyense wokhala ndi bowo, n'kuwerengera otsalawo. Tebulo likadakhala loyera. Koma otsalawo anali ndani? Anali omwe anali ndi chakudya chowafikitsa Meyi, omwe anapalira ndi kubandira pa nthawi yake chifukwa sanali kuganyu m'minda ya eni, ena a iwo a ng'ombe ndi manyowa. Yankho likadakhala loona ndithu, koma la anthu okhuta, pomwe malangizo ake akadapita kwa aliyense. Ndipo mwina mbewu ndi feteleza sizithandizana mofanana m'munda wopaliridwa ndi m'munda womwe mwini wake wafooka ndi njala. Imeneyo ndi interaction inanso, yomwe tikadaikwirira pamodzi ndi mafomu otayidwawo.

Nkhaniyi si ya m'munda mokha. Pamene mankhwala otalikitsa moyo a ARV adayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri m'dziko muno, m'kaundula wa zipatala munkapezeka odwala omwe angosiya kubwera. Wowerengera akawachotsa n'kuona otsala okha, mankhwala amaoneka ochita bwino kuposa momwe zilili. Kafukufuku wina wa m'zipatala za kumpoto kwa Malawi, yemwe adafalitsidwa mu 2007 mu magazini ya World Health Organization, adachita chomwe tebulo silingachite: anthu adanyamuka kukawafunafuna odwalawo kwawo. Adapeza kuti pafupifupi theka la iwo anali atamwalira. Bokosi lopanda kanthu lija linali ndi maliro m'kati.

Masiku ano ndimagwira ntchito ndi kompyuta, ndipo mayesero omwe ndinakumana nawo pansi pa mango abwera atavala zatsopano. Mapulogalamu ambiri owerengera, monga R ndi Stata, ukawapatsa tebulo la mabowo n'kuwauza kuti awerenge, amangosiya mizere yosakwanira n'kupitiriza. Wosasamala saona n'komwe kuti anthu omwe anayamba nawo achepa. Ilipo njira yabwino yomwe Rubin yemweyo adaifotokoza mokwanira m'buku lake la 1987, yotchedwa multiple imputation. M'malo modzaza bowo kamodzi n'kuiwala kuti linali bowo, umalidzaza kangapo, kasanu kapena makumi awiri, nthawi iliyonse ndi nambala yosiyanako yomwe ingakhale yoona. Umawerengera tebulo lililonse palokha, kenako n'kuphatikiza mayankho. Mayankhowo akatalikirana, kutalikirana komweko kumalowa mu lipoti ngati muyeso wa kusadziwa kwako. Ndimaikonda chifukwa ndi njira yodzichepetsa. Siinamizira kuti chosowa chapezeka.

Koma nayo ili ndi msampha womwe mdala uja akadauzindikira ali kutali. Kompyuta imadzaza mabowo potsata chithunzi cha dziko chomwe waipatsa. Ukaiuza kuti zokolola zimadalira mbewu ndi feteleza, osatchula kuti ziwirizi zingathandizane, idzadzaza mabowo onse ndi manambala a mtundu wa 14 uja. Pambuyo pake ukadzafunsa za interaction, udzaipeza itaphwa, itakokeredwa ku zero, ndipo mabowo akachuluka imaphwa kwambiri. N'chifukwa chake odziwa amalangiza kuti chilichonse chomwe udzafunse pamapeto chikhalemo kale podzaza, kapena udzaze gulu lililonse palokha, a hayibulidi yothira ayankhulirane okhaokha. Komanso njirayi, momwe ambiri amaigwiritsira ntchito, imakhulupirira kuti kusowa kwako ndi kwa mtundu wachiwiri. Kukakhala kwa mtundu wachitatu, chotsala n'kuyesa mphekesera zingapo poyera: tikati tindime todyedwa tikadabereka zochepa, yankho likhala lotani? Tikati tikadabereka zochuluka? Yankho likaima nji pa zonsezo, unganene molimba mtima. Likamatembenuka, nena kuti likutembenuka. Wowerenga lipoti ali ndi ufulu wodziwa kuti mlatho womwe akuwolokapo uli ndi thabwa longoyerekeza.

Ndaphunziranso kuti interaction ndi kanthu kosachedwa kusweka ngakhale mabokosi onse atadzaza. Nambala iliyonse ya m'munda ili ndi phokoso lake: chulu apa, mthunzi wa mtengo apo, mzere wina mbewa zinafukula. Pofunsa za feteleza yekha, tindime tonse timagawika pawiri, theka mbali iyi, theka mbali iyo, ndipo phokoso limaphimbana. Pofunsa za kusiyana kwa kusiyana, phokoso la magulu anayi limaunjikana, ndipo kukayikitsa kwa yankho kumawirikiza kawiri. Kuti uone interaction momveka ngati momwe ungaonere mphamvu ya chinthu chimodzi ya kukula komweko, umafunika tindime tochuluka kanayi. Andrew Gelman wa ku Columbia University amakumbutsa kuti interaction ikakhala theka la mphamvuyo, umafunika tochuluka ka 16. Ndiye taganizani: funso lomwe limafuna mboni zochuluka chotere ndilo lomwe mboni zake zinkadyedwa mondokwa.

Pali kulakwa kwina komwe ndimakuona m'malipoti a achinyamata, ndipo ndimakuzindikira msanga chifukwa nane ndinakuchitapo. Wina amayesa mankhwala kapena njira yophunzitsira pa amuna ndi pa akazi. Pa akazi masamu akuti mphamvu ikuoneka, pa amuna akuti sikuoneka bwino. Iye amalemba kuti chinthucho chimagwira pa akazi okha. Koma sanayerekeze magulu awiriwo n'komwe. Mwina mphamvu n'njofanana, kungoti amuna ambiri anasowa pa tsiku loyeza, ali kunyanja kapena ku Joni, ndipo otsalawo anachepa moti umboni wawo sukumveka. Funso loyenera ndi la zizindikiro zinayi zija: kusiyana kwa akazi kuchotsa kusiyana kwa amuna, ndi kukayikitsa kwake. Si ife tokha timapunthwa apa. Mu 2011 Sander Nieuwenhuis ndi anzake adafufuza nkhani 513 za kafukufuku wa ubongo m'magazini otchuka a sayansi. Pa zomwe zinafunika kuyerekeza kotereku, 78 zidachita molondola, 79 zidalakwitsa.

Zonsezi ndinazidziwa pang'onopang'ono, m'zaka zambiri. Koma phunziro lenileni ndinalilandira tsiku lomwe lija, mdala atatha masamu ake. Anandipatsa labala kuti ndifufute nambala yanga. Pensulo inachoka, koma pepala linatsala ndi chipsera chotuwa. Kenako anati: "Mawa mubwerere. Sikelo isiyeni. Mukawerenge mapesi, mukawerenge makoko. Mukafunse kuti anayamba liti kuthyola, ndipo chinawatengera masiku angati. Mukafunse mwaulemu; sanalakwe kanthu."

Panjira ndinkaganiza kuti akungondipatsa chilango cha njinga. Nditafika ndinaona kuti ayi. Mapesi analipo, ndipo chiwerengero chake chinanena kuti mbewu inamera bwino. Makoko analipo, ndipo kukula kwake kunanena za zitsononkho zomwe zinali m'kati. Mayi aja anakumbukira sabata yomwe anayamba kuthyola, poilumikiza ndi maliro ena a m'mudzimo, ndipo anadziwa kuti tindime ta cha makolo tinali tisanakhwime pa nthawiyo. Izi sizinali makilogalamu, ndipo sitinazisandutse makilogalamu. Koma zinatiuza mbali yomwe choonadi chapendekera: kuti tikangowerengera tindime totsala, mwina tikuichepetsa hayibulidi yothira, osati kuikweza. Mu lipoti mdala uja analemba chiwerengero cha mabokosi osowa pa mzere wotsika uliwonse, chifukwa chake, ndi momwe yankho lingasinthire.

Chinanso chinandifika mochedwa, ndipo ndicho ndimachisunga kwambiri. Ife tinapita kumunda ndi funso la Meyi: ndi kandime kati kadzalemere pa sikelo? Mayi aja anali ndi funso la Febuluwale: ndi kandime kati kadzafike msanga, ana asanagone ndi njala usiku wina? Munda unayankha funso lawo momveka bwino, ndipo yankho lake linali bowo lomwe lija pa fomu yanga. Chomwe ine ndinkachiona ngati kuwonongeka kwa kafukufuku chinali chotsatira chachikulu cha kafukufukuyo. Kucha msanga ndi phindu, ndipo kwa banja lomwe nkhokwe yake imatha mvula isanagwe, kungapose matumba awiri owonjezera a mu Meyi. Fomu yathu inalibe malo a phindu limenelo chifukwa oijambula, ine ndi anzanga ophunzira, sitinagonepo ndi njala mu Febuluwale.

Kuyambira pamenepo, fomu iliyonse yomwe ndimajambula imakhala ndi mzere wotsika wotakata kumapeto, wa mutu woti "Chifukwa". Achinyamata omwe ndimawatuma kumidzi ndimawauza kuti bokosi lopanda nambala si mlandu. Mlandu ndi nambala yopanda munda. Akabwera ndi bowo ndi chifukwa chake, agwira ntchito. Akabwera ndi tebulo lodzaza bwino lomwe pa chaka cha chilala, ndimavala magalasi n'kuwauza kuti akhale pansi.

Tsiku lomwe ndinabwerera lija, nditatha kuwerenga makoko, mayi aja anandipatsa chikho cha madzi n'kufunsa:

"Nanga zija mwalemba?"

Malo panalibe, choncho ndinali nditalemba m'mphepete mwa pepala, pafupi ndi chipsera cha labala, ndi zilembo zing'onozing'ono zopendekera. Ndinawaonetsa. Anaitana mdzukulu wawo wamkulu, mtsikana wa sitandade 3, kuti awawerengere. Mwanayo anaika chala pa pepala n'kuyamba kutchula pang'onopang'ono, monga amachitira m'kalasi:

"A-na-dya. Chi-na-cha msa-nga."

Agogo ake anagwedeza mutu.

"Eya. Ndi momwemo."